Suti ya Malemu Pakhoma la Mayeso

Mlonda wa pageti anandiimbira foni ndili pamwamba pa makwerero, ndikuwongola nyale kuti iwunikire bwino zojambula za ana anga a m'kalasi.

"Mamu Phyllis, kuno kwabwera anthu anu. Bambo ndi mayi. Bamboyo wakana kulankhula nane, akuti akufuna mphunzitsi wa zojambula basi."

Pasukulu pano, kuno ku Kepi, akati "anthu anu" ndiye kuti Amalawi. Mmalawi akadwala, akasochera, akalephera kumvana ndi a muofesi, amathamangira kwa ine ngati ndine kazembe. Tsiku lina lililonse ndikanapita mokondwa, koma osati limenelo. Masana ake kunkabwera oyesa mayeso kudzaona ntchito za ana a matiriki, kalasi yomaliza ya sekondale, thukuta la chaka chonse, ndipo ine mutu unali utaima kale. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ana anga amadziwa, moti m'mawa umenewo ankandilambalala.

"Auzeni adikire," ndinatero.

"Sakudikira, Mamu. Adutsa kale."

Ndinawaona pazenera akudula pabwalo. Patsogolo panali bambo wamfupi wojintcha, atavala ovolosi yabuluu ndi jombo za kumunda, matope asanaume n'komwe. Pambuyo pake pankabwera mayi atamanga chitenje pamwamba pa yunifomu ya ntchito za m'nyumba. Mayiyo ndinamuzindikira, anali a Selina, mayi ake a Bridget, mtsikana wa m'kalasi mwanga. Bamboyo ndinamuonapo pamaliro: a Zakeyu, mng'ono wawo wa malemu bambo ake a Bridget, amene amagwira ntchito m'minda ya ndiwo zamasamba ku Philippi. Ana anga anali atakhala pakhonde kudikira oyesa. Bridget atangowaona anthuwo anadzambatuka, chikwama chake n'kugwa pansi, ndipo sanachitole. Apo ndinadziwa kuti kwagwa nkhani.

Bridget ameneyu anabwera m'kalasi mwanga ali ndi dzanja labwino koma mtima wamantha. Ankandijambulira phiri, nyanja, timaboti ta ku Hout Bay, zinthu zonga zimene alendo amagula pamsewu. Ine zotero zimandinyansa. Ana ndimawauza kuti potifoliyo si kalendala ya pabalaza. Anthu a kusukulu ya zaluso akatsegula chikwama cha zojambula zako amafuna aone iweyo, osati phiri limene akuliona kale pazenera lawo. Ndinkawakalipira tsiku ndi tsiku kuti andibweretsere chinthu chimene akachigwira m'mimba mumatentha, chifukwa zinazi n'kuwononga penti wa sukulu.

Kenako bambo ake, a Gregory, anamwalira m'nyengo yachisanu, chifuwa chitawapanikiza. Ankasamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera ku Noordhoek. Amalawi tinagwirana manja, thupi linapita kwawo ku Ntcheu. Bridget atabwerera kusukulu anakhala nthawi osajambula kanthu, mpaka tsiku lina anatulukira ndi jumbo. M'jumbomo munali suti yakuda ndi ovolosi yobiriwira yong'ambika m'mawondo.

"Amayi ako akudziwa?" ndinamufunsa.

"Akudziwa, Mamu."

Mwanayu anali asanandinamizepo, ndiye sindinafunsenso.

Chimene anapanga nazo, abale, ndaphunzitsa zaka zambiri koma sindinachionepo. Anapachika suti ija pabolodi lalikulu, jekete yotsegula, n'kusokerera ovolosi mkati mwake ndi chingwe chobiriwira chimene bambo ake ankamangira maluwa. Ukaima patali unkaona bwana wovala bwino. Ukayandikira unkaona mawondo a dothi akusuzumira pansi pa jekete. Mkono wamanja wa suti anauumitsa ndi guluu wa matabwa kuti ukhale wotukuka, monga mmene a Gregory ankatsamirira galimoto ya abwana awo pojambulitsa zithunzi zotumiza kumudzi. Mbali zonse anazunguliza manja a bambo ake ojambulidwa ndi makala, manja ogwira fosholo, ogwira sizasi yodulira mpanda, ogwira kapu ya tiyi.

Lamulo la mayeso amenewa silikambirana. Ntchito ikatha timaijambula pakamera, chipinda timatseka, ndipo palibenso dzanja loikhudza mpaka oyesa ataiona. Ngakhale ineyo ndimangololedwa kukhudza nyale ndi fumbi. Mwana akasintha kanthu, oyesa akhoza kuikana ntchito yonse. Kwa Bridget kukanidwa kumeneko kukanakhala kutaya zonse, mayeso pamodzi ndi malo amene ankawafuna kusukulu ya zaluso m'tauni, kumene anamuitana kuti akaonetse ntchito yomweyi.

Ndiye ndinatsika msangamsanga n'kukaima pakhomo, manja m'mafelemu.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" anatero a Zakeyu, akupuma mwabefu.

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bambo?"

"Ife sitinadzuke bwino. Tabwera kudzatenga katundu wa malemu."

"Katundu wanji?"

Maso awo anali atadutsa kale paphewa panga kukafika kukhoma la kumapeto, kumene nyale ija ndinali nditangoilozetsa. A Selina nawo anasuzumira. Ndinamva akuti "Mayo ine!" chapansipansi, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndi chiyani chimenechi?" a Zakeyu anafunsa. "Mwamupachika mbale wanga pakhoma ngati chikopa cha mbuzi?"

"Bambo, imeneyo ndi ntchito ya mayeso. Muno simulowa munthu."

Analowa. Sanandikankhe kwenikweni, anangodutsa ngati palibe munthu, jombo zawo zikusiya matope pasimenti imene tinaikolopa dzulo lake. Ndinawathamangira ndikukuwa. A Selina anandilondola, Bridget pambuyo pawo. Ana ena aja anaunjikana pazenera, mafoni ali m'manja. Ndinawatembenukira n'kuwauza kuti amene ajambule adzandiona, ndipo mafoniwo anabwerera m'matumba. Ndinamenyetsa chitseko. Potembenuka ndinapeza a Zakeyu atagwira kale m'mphepete mwa bolodi ndi manja awiri, akufuna kulizula.

"Siyani! Mukaligwedeza ndikuitanirani apolisi!"

Mawuwo anangotuluka okha. Atangotuluka ndinalakalaka nditawameza. Kuno mawu akuti apolisi sunganene kwa Mmalawi mnzako, chifukwa sudziwa kuti mapepala ake ali bwanji. A Zakeyu anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi likadali pabolodi, n'kundiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Apolisi? Inuyo, mayi? Munadzatipepesa pamaliro muli ndi duku kumutu, lero mukuti apolisi?"

"Pepani, ndalankhula molakwa. Koma chotsani dzanja pamenepo, chonde. Tikambirane."

"Tikambirane chiyani? Lole ya a Hussen yopita kumudzi yadzaza kale ku Philippi. Lero Lachisanu, akangotuluka kumzikiti akunyamuka. Zovala zonse za malemu zili m'chikwama, yatsala suti yokhayi. Kumudzi atumiza mawu kuti nthawi yogawa zovala yakwana, abale akusonkhana. Inu ndinu Mmalawi, zimenezi ndichite kukuphunzitsani?"

Sankafunika kundiphunzitsa. Zovala za munthu womwalira si za mkazi wake, si za mwana wake, mpaka abale atakhala pansi n'kuzigawa. Chilichonse chimene ankachidziwa chiyenera kuonekera pamphasa. Ndinatembenukira Bridget magazi akuwira.

"Iwe, suja unati amayi ako akudziwa?"

Bridget anangoti zyoli.

"Ndinkadziwa chiyani ine?" a Selina analowererapo. "Ndinaipinda ndekha suti imeneyi, ndinaiika pansi pa sutikesi, sindinafunenso kuiona. Usiku wathawu ndikulongedza, kulibe! Ndagwetsa nyumba yonse, ndafunsa oyandikana nawo ku Masi komwe timakhala kuja mpaka ena andikwiyira kuti ndikuwanena kuba. Mwana uyu ali phee, akundiyang'ana ndikulira. M'mawa uno mnzake ndi amene wandiuza kuti zili kusukulu. Iwe Bridget, ndinakulakwira chiyani ine?"

"Simunandilakwire, amayi."

"Nanga bwanji ukufuna kundiphetsa?"

Ndinayesa kuziziritsa nkhani, ngakhale kuziziritsa si luso langa. Ndinawafotokozera za lamulo, za oyesa amene anali m'njira, za sukulu ya m'tauni. Ndinati angodikira kuti mayeso adutse, Bridget akaonetse ntchito yake, kenako suti idzapita ndi lole ina. Malole opita kumudzi satha.

A Selina anapukusa mutu. Anayandikira n'kundigwira mkono, ndipo dzanja lawo linali lozizira.

"Aphunzitsi, inu simukuwadziwa akuchimuna kwanga. Suti imeneyi ili pazithunzi zonse zimene bambo ake Bridget ankatumiza. Alamu anga aakulu, a Wilkins, anainena kale pamaliro pomwe kuti isadzasowe. Chikwama chikafika yopanda, sadzati yachedwa. Adzati Selina wagulitsa. Ena adzati wapatsa mwamuna wina. Ndipo alipo amene ananong'ona kale kuti munthu wathanzi uja wafa bwanji ndi chifuwa chokha, mkaziyo anamutani. Amenewo akadzamva kuti chovala chake chasowa, adzati ndinapita nacho kwa sing'anga. Ine sanandisudzulebe, ndiyenera kukakhala pamaso pawo. Ndikawayankha chiyani?"

Zimene ankanenazo ndinazionapo zikuchitikira akazi ena, ndipo dzina lotero likakumata silichoka ndi sopo.

Foni ya a Zakeyu inalira. Anaiyankha ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pabolodi pomwepo.

"Ee, a Hussen. Tili kusukulu. Ayi, taipeza. Tikubwera, musatisiye, chonde." Anaibweza m'thumba n'kundiyang'ana. "Mwamva nokha. Kuchoka kuno kukafika ku Philippi ndi mathekisi angati? Mayi, ndipatseni mpata."

Anakoka. Msomali wina wa pakona unalira n'kusolokako, bolodi linapendekeka, ndipo chimodzi cha zojambula za makala zija chinathothoka n'kugwera pansi chafufumimba. Ndisanatsegule pakamwa, Bridget analumpha n'kukaima pakati pa iwo ndi bolodi, msana wake utatsamira suti.

"Bambo aang'ono, musawagwetse!"

"Choka, mwana iwe."

"Sindichoka. Suti imeneyi ankaivala liti? Tandiuzeni. Lamulungu lokha, akamapita kukaima pageti la abwana awo kuti ndiwajambule. Ine ndi amene ndinkagwira foni! Ankati, 'Onetsetsa kuti galimoto yaoneka, wilibala isaoneke.' Tikatha ankaivula msanga kuopa thukuta. Bambo anga amene ndikuwadziwa ine ndi awa." Anamenya pachifuwa cha ovolosi ija. "Awa ndi amene ankabwera kunyumba akununkha manyowa. Awa ndi amene ankandipatsa mapepala a makatoni kuti ndizijambulapo. Bwanji aliyense akufuna bambo a pachithunzi, awa osawafuna?"

Mwana amene m'kalasi ankayankha ndi mutu, lero akulankhula chotero kwa bambo ake aang'ono! Ndinachita mantha kuti amuwomba mbama. Ndinaona dzanja lawo likuchoka pabolodi, ndipo ndinasendera pafupi. Koma dzanjalo linangotsikira m'mbali mwawo, pa ovolosi yawo yomwe, n'kuyamba kufikisa matope a pantchafu.

"Ndiye ukufuna chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. "Ukufuna agogo ako aone zimenezi? Mayi okalamba aja amauza mudzi wonse kuti mwana wawo anali dalaivala wa bwana wamkulu ku Kepi. Ukufuna akamwalire akudziwa kuti ankakwawa m'maluwa a azungu, kutola zonyansa za agalu? Mbale wanga anabisa zimenezi moyo wake wonse, iwe ukuziyanika pakhoma ndi magetsi."

"Alamu," a Selina anatero, "mwambo umati zonse zipite. Ndi ovolosi yomwe."

"Ovolosi ipite kuti? Ikakhale pamphasa pamaso pa anthu? Maovolosi ena aja ndawachotsamo kale m'chikwama m'mawa uno. Chimene sakuchidziwa sachifunsa."

Bridget anawayang'anitsitsa bambo ake aang'onowo, misozi ikadali m'masaya, koma nkhope itasintha. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndi imene amakhala nayo akaima patsogolo pa pepala loyera n'kuona chimene ife ena sitikuchiona.

"Ndiye mukufuna suti yokha?"

"Suti basi."

Anatembenukira kwa ine n'kutambasula dzanja.

"Mamu, sizasi."

Sizasi inali m'thumba la epuloni yanga. Ndinaigwira momwemo osaitulutsa. Aa, abale, mtima unandiwawa! Miyezi yonse ija tikulimbana naye, ndikumusokotsa, ndikumusomoletsa, ndikumukaniza kupita kwawo mpaka mkono uja utaima bwino, lero ndimupatse ndekha chodulira?

"Bridget, tamvera bwino, usadzati sindinakuuze. Ukadula chingwe chimodzi chokha, ntchitoyi si ija tinaijambula pakamera. Ine sindibisa, ndiwauza oyesa ndi pakamwa panga. Akhoza kuikana yonse. Ngakhale atailandira, mphamvu ya ntchito imeneyi ili pa ziwirizi kukhala pamodzi. Ukachotsa suti watsala ndi theka. Kusukulu ya m'tauni ukaonetsa theka."

"Ndamva, Mamu."

"Wamva, kapena ukungofuna kuti anthu asiye kukuwa?"

Anayang'ana mayi ake, amene anali atakhala pansi pasimenti, miyendo atawongola ngati ali pasiwa.

"Ndamva. Ndipatseni."

Ndinamupatsa. Sindinafune kuyang'ana koma ndinayang'ana. Chingwe choyamba chinali cha pakolala, ndipo chitaduka chinalira kuti thi, ngati munthu wathyola nyemba. Anatsika nacho mmbali mwa jekete, akudula, akusolola, zidutswa zobiriwira zikugwera pamapazi pake. Ine ndinayamba kulamula anthu kuti ndisalire.

"Amayi a Bridget, dzukani mugwire mapewa a jeketeyi isagwe. Bambo, inu ikani madzi m'ketulo iyo, pakona apo. Musaime ngati mlendo, mwalowa kale!"

"Madzi a chiyani?"

"Mkono uwo wauma ndi guluu. Mukaupinda chonchi uthyoka ngati chinangwa chouma, ndiye mukawapatsa a Wilkins suti ya mkono umodzi. Ufunika madzi ofunda."

Anapita kukatereka madzi osatsutsa. Jekete itamasuka tinaigoneka patebulo lalikulu losakanizira penti, titayala mapepala oyera. Buluku linachoka mosavuta. Mkono uja ndiye unatipatsa ntchito. Tinaunyika m'beseni, a Selina akuufikisa ndi zala pang'onopang'ono, guluu akusungunuka n'kuyeretsa madzi ngati mkaka. Tinataya madzi, tinathira ena. Foni ya a Zakeyu inaliranso, anaiyang'ana osaiyankha. Inaliranso kachiwiri.

"Akuti alowa mumzikiti," anatero atawerenga uthenga. "Fulumirani, chonde."

"Mukafuna kufulumira gwirani ichi," ndinatero, n'kuwapatsa makina owumitsira tsitsi amene ife timawumitsira penti. Anawagwira mwamantha ngati awaluma, koma anayamba kuwomba mkonowo monga ndinawaonetsera. Pansalu ya mkati mwa jekete panatsala timabowo ta singano tondondozana, ndipo a Selina ankatisisita ndi chikhadabo kuti titsekeke, akung'ung'udza kuti mwina a Wilkins sadzayang'ana mkati.

Bridget sanatithandize. Anali kubolodi kuja. Anatola chojambula chinagwa chija, anachiuzira fumbi, anachibwezera pamalo pake. Ovolosi inali itatsala yokha, yolendewera ndi misomali iwiri ya m'mapewa, yafwafwa, yopanda chilichonse choibisa. Pabolodi pankaoneka mzere wa pensulo umene analemba poyamba pozungulira suti, mapewa otambalala ndi mkono wotukuka uja, koma mkati mwake munalibe suti. Anatenga labala kuti aufufute.

"Usiye!" ndinakuwa. "Wasintha zokwanira. Usakhudzenso."

Anausiya. Nthawi yomweyo mwana wina anagogoda pazenera n'kuloza kugeti. Galimoto yoyera inali ikulowa.

"Afika," ndinatero.

Oyesa anali awiri, mayi wachikulire wa magalasi ndi bambo wamng'onoko wonyamula kompyuta. Anabwera msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Atalowa anangoima pakhomo kakasi. Ndani akanapanda kudabwa? Pansi matope ndi madzi, beseni patebulo, mayi wa chitenje akusisita jekete, bambo wa jombo akuwomba mkono wa suti ndi makina a tsitsi, m'chipinda chimene chimayenera kukhala chotseka.

Sindinadikire kuti afunse. Ndinawauza zonse mu Chingerezi, mosapsatira: kuti ntchito ya Bridget yasinthidwa m'mawa womwewo, kuti sizasi ndapereka ndine, kuti suti ndi ya munthu womwalira ndipo abale ake akuidikira kwawo. Bambo wa kompyuta uja anatsegula chithunzi chimene tinatumiza, n'kumayang'ana pachithunzi, pakhoma, pachithunzi. Anati nkhaniyi ndi yoonekeratu, ntchito yosinthidwa sailandira.

Mayi wa magalasi anayenda mpaka kubolodi, anaima nthawi yaitali, anawerama kuyang'ana mawondo a ovolosi, kenako anatsatira mzere wa pensulo uja ndi maso. A Zakeyu anali atazimitsa makina. Munkangomveka madzi akudontha kuchokera patebulo.

"Wachotsa ndiwe?" mayiyo anamufunsa Bridget.

"Ndine."

"Wawonjezerapo kanthu?"

"Ayi. Ndangochotsa."

"Unakakamizidwa?"

Bridget akanangoti ee, mlandu ukanagwera a Zakeyu ndi ine, mwina iye akanapulumuka ndi chithunzi chija. A Zakeyu nawo ankamvetsera, poti Chingerezi amachimva bwino.

"Ayi," anatero Bridget. "Suti sinali yanga. Iyi ndiye yanga."

Oyesawo anapita pakona kukanong'onezana, bambo uja akugwedeza mutu, mayiyo akuloza khoma ndi cholembera. Atabwerako mayiyo analankhula kwa ine, osamwetulira. Anati popeza mwanayo sanawonjezere kanthu, ayesa chimene achipeza pakhoma, osati chimene chili pachithunzi, ndipo chimene chachokacho chachoka ndi malikisi ake. Anatinso nkhani ya chitseko ndi sizasi ailemba, ine ndikayankha kwa akuluakulu. Ndinati ndikayankha. Kenako anapempha kuti amene si a mayeso atuluke.

A Selina anapinda suti ija mwaulemu, mkono ukadali wachinyezi, n'kuikulunga m'chitenje chawo. Sanamuyang'ane Bridget mpaka atafika pakhomo. Pamenepo anabwerera, anamukonza kolala ya yunifomu imene inapindika, n'kutuluka.

A Zakeyu ndiwo anachedwa. Foni inkalira m'thumba mwawo koma anaima pafupi ndi bolodi, akuyang'ana ovolosi ya mkulu wawo. Yawo ndi iyo zinkasiyana mtundu wokha. M'mawondo zinang'ambika malo amodzimodzi.

"Bambo aang'ono, lole ikusiyani," Bridget anatero.

"Ndikupita." Anakanda kumutu. "Zithunzi za chinthu ichi zisafike kumudzi, wamva? Usaziike pafoni."

"Sindiika."

Anayenda mpaka pakhomo, n'kutembenukanso. Ankalankhula ndi Bridget, koma maso ali pansi, pa jombo zawo.

"Nanenso suti ndili nayo, ya imvi. Tsiku langa likadzafika, imeneyo idzapite." Anatsina ovolosi yawo pachifuwa n'kuikoka pang'ono. "Koma iyi usadzalole kuti aitaye kudzala. Udzaitenge iweyo."

Anatuluka akuthamanga, jombo zikulira pakhonde. Mayi wa magalasi anatsegula faelo yake n'kumuuza Bridget kuti aime pambali pa ntchito yake afotokoze. Mwanayo anapukuta m'maso ndi mkono, anakaima pafupi ndi ovolosi ya bambo ake, n'kuyamba ndi dzina lawo.